Pakati pa “ikhala” ndi “khalas”

Funso limene ndikufuna tiyankhe sabata ino ndi ili: pempho la munthu wa bizinesi yaing’ono likagona mu ofesi ya boma osaunikidwa, kodi amalipira kugonako ndani? Ndinkaganiza kuti yankho lake ndikulidziwa. Lachiwiri lapitali ndinazindikira kuti ndinkalidziwa monga mmene munthu amadziwira kuti moto umaotcha iye asanaugwirepo.

Tsikulo ndinapita ku Oud Metha, kuno ku Dubai, kukayezetsa m’thupi. Ife amene timagwira chakudya cha alendo m’mahotela timayezetsa kawirikawiri, ndipo khadi yanga ya zaumoyo inali pafupi kutha. Nditatuluka m’chipatala ndinalowa m’kanyumba kogulitsira tiyi pafupi ndi sukulu ina. Mmenemo ndinapeza Achemwali Esnart akudikira kuti ana a abwana awo aweruke.

Achemwali Esnart kwawo ndi ku Mchinji. Akhala kuno zaka zingapo akulera ana a banja lina, ndipo amagona m’nyumba momwemo. Kumudzi ali ndi kabizinesi kamene anayambitsa ndi mlongo wawo Yohane. Amagula mtedza kwa alimi n’kumapera chiponde ndi nsinjiro. Mdani wawo ndi chuku, nkhungu ija imene imamera mu mtedza wosauma bwino n’kusiyamo poizoni wosaoneka ndi maso. Masitolo akuluakulu a m’tauni safuna chiponde chopanda umboni wa ku labotale wosonyeza kuti mulibe chuku.

Yohane anakonza njira yake yoyanikira mtedza pa mathandala okwezeka, oyalidwa waya wa sefa, okhala ndi kadenga kotchinga mame. Iye amakhulupirira kuti njirayi imachepetsa chuku. Koma kukhulupirira si umboni. Umboni umafuna mtedza wokumbidwa kumene, wina kuuyanika pansi monga mwa masiku onse, wina pa mathandala, kenako zonse kuzitumiza ku labotale. Mtedza wokumbidwa kumene umapezeka kamodzi pa chaka. Ukadutsa, wadutsa.

Ofesi ina ya boma kwathu italengeza kuti mabizinesi ang’onoang’ono apemphe thandizo lochitira kafukufuku, Achemwali Esnart anabwera kwa ine chifukwa dipuloma yanga ndi ya za chakudya. Tinalilemba limodzi pempholo, Lamlungu tikatuluka m’tchalitchi, ndipo Yohane anakalipereka tsiku lotsekera lisanafike. Izi zinachitika mtedza wa chaka chatha usanakumbidwe. Mfundo imeneyi muisunge.

“Achimwene, mundigulire tiyi,” anatero atangondiona. “Ndikupita kumudzi. Zija zatheka.”

“Zatheka? Akuyankhani?”

“Anandiuza okha pafoni, mwezi watha. Ndinapereka kale notisi kwa madamu. Kontirakiti ikutha, sindisainanso. Yohane sangathe yekha, mukumudziwa, amayeza ndi maso.”

Ndinawayamikira ndithu. Koma ntchito yanga inandiphunzitsa kufunsa umboni ngakhale kwa munthu amene ndikumukhulupirira.

“Kalata yovomera anatumiza?”

“Kalata ibwera. Nanga boma limathamanga ngati sitima ya Metro? N’chifukwa chake ndikuti mwabwera bwino. Imbani ndinu, mumatha kulankhula nawo a m’maofesiwa. Muwafunse kuti thandizolo lituluka liti, Yohane ayambe kugula waya. Mtedza wayamba kale kukhwima.”

Pa tebulo loyandikana nalo panali Ba Tembo, mlonda wa pachipata cha sukuluyo, wa ku Chipata ku Zambia, amene anali pa nthawi yopuma. Anakokera mpando pafupi osadikira kuitanidwa. “Imbani tumveko,” anatero. “Ba sisita bazankhala ba bwana manje, tizayamba kubapempha nchito.”

Kuno kunali masana, kwathu maofesi anali atatsegula kale. Ndinaimba, n’kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Anayankha bambo wina wa mawu odekha, waulemu kwambiri. Ndinatchula dzina la bizinesi ndipo ndinafunsa kuti thandizo lituluka liti.

“Thandizo?” anadabwa bamboyo. “Ayi bambo, sitinafike pamenepo. Mapempho sanaunikidwe.”

“Pempho lathu lokha?”

“Onse. Komiti sinakhale.”

Achemwali Esnart anandilanda foni. “Pepani bambo, ndine mwini wake. Mwezi watha ndinalankhula ndi inu nomwe, mawu anu ndawazindikira. Munandiuza kuti zatha.”

“Ine? Sindinganene zimenezo mayi, mphamvu zimenezo ndilibe. Chimene ndinakuuzani ndi chomwe ndimauza aliyense. Komiti ikhala, sizichedwa.”

Tanenani mawu amenewo mofulumira, owerenga. Komiti ikhala, sizichedwa. Ikhala, si. Tsopano muwamve muli m’khitchini ya eni ake, mwana wina akulira pamwendo panu, makina ochapira akulindima, foni ikudukaduka. Muwamve ndi makutu amene kwa zaka amva mawu amodzi m’mawa, masana ndi madzulo: khalas. Kwa inu amene muli kumudzi, khalas ndi Chiarabu, ndipo amatanthauza kuti zatha, nkhani yatsekedwa. Mwana akamaliza kudya, khalas. Madamu akagamula nkhani, khalas.

Achemwali Esnart anamva kuti “komiti khalas.”

Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anazindikira. Anaika dzanja pakamwa. Ba Tembo, amene sangasunge mawu m’kamwa, anafunsa chapansipansi, “Manje ba sisita, imwe munamvela Chiarabu ku ofesi ya ku Malawi?” Palibe anaseka. Iwonso anaona kuti alakwitsa, ndipo anayamba kuyang’ana m’kapu yawo.

Ndinatenganso foni ndi kufunsa chimene chalepheretsa komiti kukhala kwa nthawi yonseyi. Bamboyo anafotokoza mosabisa. Poyamba ndalama zochititsira msonkhano zinachedwa kubwera. Zitabwera, akatswiri ena anali otanganidwa ndi mayeso a ophunzira awo, chiwerengero sichinakwane. Kenako wapampando anasamutsidwira ku ntchito ina, ndipo wolowa m’malo mwake sanasankhidwebe.

“Ndiye ikhala liti?”

“Pamenepo sindingalonjeze. Koma mudekhe, bambo. Kuona maso a nkhono n’kudekha.” Tinamva mapepala akutembenuzidwa. “Komanso mwachita bwino kuimba. Ndikuona kuti chikalata chawo cha msonkho chinatha mphamvu. Abweretse china. Apo ayi, komiti ikadzakhala pempho lawo lidzaikidwa pambali ngati losakwanira.”

“Bambo,” anatero Achemwali Esnart, “chikalatacho chinali chamoyo pamene tinkachipereka. Chafera m’manja mwanu.”

“Ndi malamulo, mayi.”

Belu la sukulu linalira. Achemwali Esnart anapukuta m’maso ndi nsonga ya mpango, n’kupita kukatenga ana a eni ake akumwetulira, chifukwa ntchito yawo imafuna kumwetulira.

Ine ndinakwera Metro kubwerera ku ntchito ku Deira mutu uli waukulu. Mpaka lero ndikudabwabe. Chaka chathunthu, mapempho a anthu osaunikidwa n’komwe! Sakanidwa, savomeredwa. Angokhala, pamene woyenera kukhala sakukhala.

Komabe kudabwa kokha sikuyankha funso. Tiyeni tiiyeze nkhaniyi bwinobwino.

N’kosavuta kunena kuti wolakwa ndi Achemwali Esnart. Anamva molakwika, ndipo anasiya ntchito asanaone kalata. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikuvomereza kuti anafulumira. Koma tadzifunsani: n’chifukwa chiyani munthu wochenjera, woti amayendetsa bizinesi ya ku Mchinji ali m’khitchini ya ku Dubai, anakhulupirira kuti zatha? N’chifukwa chakuti nthawi yoti zithe inali itadutsa kalekale. Akanamva mawu omwewo patangopita mwezi umodzi chiperekereni pempho, akanafunsanso kuti, “Mwati bwanji?” Patapita chaka, khutu limayembekezera yankho limodzi lokha. Sizinawafikire m’maganizo kuti ofesi ingathe kusunga pempho kuyambira kukumba kwina mpaka kukumba kwina osaliwerenga. Kulakwa kwawo kunali kuganizira boma zabwino.

Nanga bambo wa pafoni uja? Sindimuda. Sananame. Komiti ikhaladi tsiku lina. Iye analankhula monga timalankhulira tonse. Ife ndi anthu amene tikafunsidwa njira timati “ndi pafupi pompa” ngakhale pali phiri pakati. Tikachedwa timati “ndafika kale” tili m’bafa. Kunena kuti “sindikudziwa” timakuona ngati kubweza mlendo pakhomo chimanjamanja, ndiye timamupatsako kamawu kofewa koti anyamule. “Sizichedwa” ndi kamawu kotere. Pa maliro ndi pa chinkhoswe ulemu umenewu umamanga anthu. Mu ofesi yosunga mapempho a anthu, ulemu womwewo umagwetsa munthu m’dzenje, chifukwa womvayo amakonza moyo wake potsamira pa mawuwo.

Ndipo ulemu wathu uli mbali zonse ziwiri. Achemwali Esnart atamva chimene anamva, anathokoza n’kudula foni. Kufunsa bwana wa boma kuti abwereze, kapena kuti alembe zimene wanena, kumaoneka ngati kumukayikira. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umawomba m’manja.

Tsono mlandu uli kuti? Ine ndauona pa mawu omwewa akuti kukhala.

Kwathu chinthu sichigamulidwa pokhapokha anthu atakhala m’chipinda chimodzi, wapampando ali kutsogolo, pemphero lotsegulira litanenedwa. Mwambowu uli ndi chifukwa chake, ndipo sindikuunyoza. Ndalama za kafukufuku ndi za anthu onse. Munthu mmodzi akamagamula yekha, mawa tidzamva kuti zonse zapita kwa alamu ake. Akatswiri odziwa kusiyanitsa kafukufuku weniweni ndi maloto ndi ochepa, ndipo ali ndi ntchito zawo zina. Kuunika mosamala kumatenga nthawi. Zonsezi ndi zoona.

Koma pa nkhani ya Achemwali Esnart palibe amene anali kuunika mosamala. Panalibe kuunika kulikonse. Kodi katswiri amafunika wapampando kuti awerenge masamba a pempho ali pa desiki yake? Kodi maso ake amadikira pemphero lotsegulira? Mapempho akanatha kugawidwa kwa akatswiriwo, aliyense n’kulemba maganizo ake, kukhalako n’kudzangokhala komangira mfundo. M’malo mwake ntchito yonse inakolekedwa pa msomali umodzi. Msomaliwo utazuka, zonse zinagwa, ndipo palibe anawerama kuti atole.

N’chifukwa chiyani palibe anawerama? Apa ndi pamene ndinaganizira za ntchito yanga.

Ku hotela kumene ndimagwira, ine ndimaima pa khomo lakumbuyo kulandira chakudya. Galimoto ya nsomba ikafika, dalaivala amakuwa “yalla, yalla,” kuti ndifulumire, injini ikulira. Ndimabaya nsomba ndi choyezera kuzizira, ndimayang’ana maso ake ndi makha ake, ndipo ndimanena pomwepo kuti ndalandira kapena ndakana. Sindinganene kuti “isiyeni apo, tiiona.” Si kuti ndine wakhama kuposa bambo wa pafoni uja. Kusiyana kwake n’kwakuti nsomba ikaola pa khomo langa, fungo limafika kwa abwana anga tsiku lomwelo, ndipo dzina limene limatchulidwa ndi langa.

Pempho la Achemwali Esnart ndi nsomba. Limaola. Mitengo ya waya imene tinalembamo si ya lero. Chikalata cha msonkho chinatha. Mtedza umene linalembedwera unakumbidwa, unagulitsidwa, unadyedwa. Koma fungo lake silimveka mu ofesimo. Limamveka ku Mchinji ndi ku Oud Metha. Wopempha anapatsidwa tsiku lotsekera, ndipo akanachedwa ndi tsiku limodzi pempho lake likanabwezedwa pa khomo. Wounika sanapatsidwe tsiku lililonse. Wotchi inapachikidwa pa khoma limodzi lokha.

Musandimve ngati ndikutamanda dziko la eni. Kunonso kuli “inshallah,” Mulungu akalola, amene amatanthauza kuti iwalani. Ndipo liwiro limene alendo amalisirira kuno nthawi zambiri limayenda pa misana ya anthu ngati ife, amene timagona ku Al Nahda n’kumadzuka kusanache kuti ena apeze zonse zili m’malo. Sindikunena za dziko. Ndikunena kuti kulikonse kumene wochedwetsa samva kuwawa kwa kuchedwako, zinthu zimachedwa.

Zotsatira zake sizigwera anthu mofanana. Kampani yaikulu ikapempha thandizo lotere, ili ndi munthu wolembedwa ntchito yotsatira mapepala, ndipo ikadikira chaka imapitirizabe kugulitsa. Koma thandizoli linalengezedwa kaamba ka mabizinesi ang’onoang’ono, amene alibe mafuta a m’thupi oti adikirire nawo. Bizinesi yaing’ono ndi anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo ali kunja akusambitsa ana a eni kuti chigayo cha chiponde chisaime. Ukachedwetsa anthu otere, sunawachedwetse chabe. Wawasefa. Amene adzatsale pamzere pofika tsiku lokhala komiti adzakhala aja amene akanatha kuchita kafukufukuyo popanda thandizo. Pamenepo wina adzaimirira pa msonkhano n’kudandaula kuti amalonda ang’onoang’ono alibe chidwi ndi kafukufuku.

Ndiponso taganizirani za mwana amene akudya phala lothira nsinjiro m’mawa uno. Ngati njira ya Yohane ndi yothandiza, chaka chimene chatayikachi ndi chaka china cha chuku m’phala lake. Ngati ndi yosathandiza, tikanadziwa, Yohane n’kusiya kuwononga waya. Mayankho onse awiri ndi aphindu. Chopanda phindu ndi kusayankha.

Ndikunena izi motsindika: “ayi” wofika pa nthawi yake ndi mphatso. Achemwali Esnart akanauzidwa chaka chatha kuti pempho lawo lakanidwa, akanalira Lamlungu limodzi, n’kusaina kontirakiti ina, n’kuyamba kusunga pang’onopang’ono zolipirira labotale paokha. Akanauzidwa mwezi watha kuti, “Mayi, wapampando palibe, ndipo sindikudziwa kuti komiti idzakhala liti,” palibe khutu limene likanamva khalas m’mawu amenewo. Choonadi chosakoma sichimveka molakwika.

Bambo uja anatipatsa mwambi wa nkhono. Ndi mwambi wabwino, koma nkhono ilibe nyengo. Mtedza uli nayo. Mwambi woyenera ofesi ija ndi wina: zengerezu adalinda kwawukwawu. Kungoti pa nkhani iyi wozengereza ndi wina, wokwawa ndi wina.

Lachinayi Achemwali Esnart ananditumizira uthenga wa mawu. Anati anapita kwa madamu awo kukapempha kuti abweze notisi ija. Madamuwo anawamvera chisoni, koma anali atalipira kale ku ejensi yopeza antchito, ndipo mtsikana wina akubwera kudzalowa m’malo mwawo. Anawagwira paphewa n’kunena mawu amodzi. Ulendo uno khutu silinalakwitse.

Ndinawaimbira n’kuwafunsa chimene achite.

“Ndikupita, achimwene. Nanga n’kutani? Mtedza tikumba, tiyanika pa mathandala amene alipowo. Za labotale sindikudziwa. Mwina tisunga m’mabotolo, mwina zikhala zongodya.”

“Nanga chikalata cha msonkho?”

“Ndikatenga china. Ndikachipereka ndekha, pamanja.” Anaseka pang’ono, kuseka kopanda chimwemwe. “Akuti komiti ikuvutika kukhala, eti? Ine ntchito ndilibe tsopano. Ndikawathandiza. Ndikakhala pa benchi ya pakhomo pawo mpaka aone mmene anthu amakhalira.”

Ndinafunsa poyamba kuti kugona kwa pempho amalipira ndani. Nazi ziwerengero monga zinalili pamene ndinkamaliza kulemba. Mathandala amene Yohane anakonza kumanga: khumi ndi awiri. Amene wamanga ndi mphamvu zake: anayi. Nyengo zokumba mtedza zimene zadutsa chiperekereni pempho: imodzi, yachiwiri ili pakhomo. Zikalata zimene zafera mu ofesi: chimodzi. Ntchito zimene zatayika ku Dubai: imodzi. Masamba a pempholo amene awerengedwa: palibe. Maulendo amene komiti yakhala: palibe ndi umodzi womwe.